Mainchesi Atatu a Atelala

Amuna anga ndi atelala, ndipo ngati pali chinthu chimene sangalole kuti munthu wina awaphunzitse, ndi kuyeza. Njira angafunse, mankhwala a chifuwa angafunse, koma za tepi musayerekeze. Tepi yawo yachikasu imakhala m'khosi kuyambira m'mawa mpaka potseka shopu, manambala ena anafufutika kalekale, koma iwo amati amawadziwa pamtima. Takhala m'shopu imodzi zaka makumi atatu ndi zinayi, iwo pa makina, ine pa tebulo lositira ndi kusokerera mabatani, ndiye za makani awo palibe amene angandiuze zachilendo.

Chaka chatha anawapeza ndi shuga. Mapiritsi anamwa, tiyi wozizira kukoma anamwa uku akudandaula ngati ndine ndinawadwalitsa, koma shugayo sanatsike. Tsiku lina adokotala, mayi wa magalasi wosakonda kuzungulira polankhula, anatseka faelo n'kutiuza kuti akuwapatsa miyezi itatu. Ayende, apalase njinga, achite chilichonse chotulutsa thukuta. Akadzabwera zinthu zili chimodzimodzi, ayamba kudzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku.

Munthu wogwira singano dzuwa lonse, koma atangomva za jakisoni nkhope inagwa. Pobwerera ndinawaseka njira yonse, ngakhale mumtima mwanga munalibe choseketsa. Alamu anga, akulu awo a bambowa, anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda omwewa, ndipo ndine amene ndinapinda buluku lawo n'kulimanga ndi mapini tsiku lotuluka m'chipatala. Makina athu ndi opalasa ndi mapazi. Ndinkaopa kwambiri, koma sindinawauze.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito mumzinda wina, atamva nkhaniyi anatumiza njinga. Inali yabwino ndithu, yobiriwira, yopepuka, ya magiya ambirimbiri. Bambo akewo njinga anaikwerako ali mwana, ya eni ake, ndipo chikwatirane ndinali ndisanawaonepo ali pa chishalo. Mwanayo anatumizanso uthenga pa foni. Mbali yoyamba inkati chishalo chimakwezedwa molingana ndi kutalika kwa mwendo, kuchokera m'mphechepeche kutsika pansi, ndipo panali kasamu kake. Mbali yachiwiri inkati koma chanzeru n'kupita nayo kwa mayi wina woyeza anthu pa njinga, amene shopu yake ili kuseri kwa sitolo ya penti. Amuna anga anawerenga mbali yoyamba yokha.

Ndinawakumbutsa za mbali yachiwiriyo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa ngati ndamvapo telala akulipira munthu kuti amuyeze mwendo. Mwendo wawo, anatero, ndi mainchesi 29, akhala akudzidulira mabuluku pa nambala imeneyo kuyambira tisanabereke mwana, ndipo palibe buluku limene linawachititsapo manyazi. Sanavule n'komwe nsapato. Anangolemba kasamu kaja pa kachidutswa ka nsalu, n'kuyeza pa njinga, n'kumanga chishalo ndi sipanala yobwereka.

Anayamba kupalasa m'mawa uliwonse tisanatsegule shopu. Ine za njinga sindidziwa, koma maso ndili nawo. Mawondo ankakwera mpaka kufuna kugunda zigongono, msana utapindika, manja atatambasuka kutali ngati akulanda chinthu kwa munthu. Abutchala oyandikana nafe anawapatsa dzina lakuti Achule, ndipo dzinalo linafika kumapeto kwa msewu tsiku lomwelo. Nditawauza kuti chishalo chikuoneka chotsika, anandiyankha kuti nambala sinama, wonama ndi maso a munthu wositasita.

Sabata yoyamba anayamba kumva kupweteka kutsogolo kwa bondo lamanja. Anati ndi thupi likuzolowera. Sabata yachitatu bondolo linatupa, moti popalasa makina ankaluma mano, ndipo suti ya ukwati wa mwana wa aphunzitsi inachedwa masiku anayi, chinthu chimene sichinachitikepo m'shopu mwathu. Kenaka zala zinayamba kuchita dzanzi, chaching'ono ndi chinzake, manja onse awiri. Ndinazindikira tsiku limene anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, akunamizira kuwala.

Sabata yachisanu njinga inakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Masiku atatu anadutsa osaikhudza, ine ndikungoyang'ana. Tsiku lachinayi masana, m'shopu mulibe kasitomala, anasiya kupalasa makina, n'kuyamba kuyang'ana manja awo.

"Amayi, zayamba ngati za achimwene," anatero motsitsa. "Iwonso anayamba ndi dzanzi. Njingayi sikuthandiza kanthu, ingondithyola bondo. Tingodikira tsiku la adokotala basi."

Ndinkayembekezera kuti ndimva chisoni, koma chimene chinabwera ndi mkwiyo. Munthu wamkulu, wanzeru zake, wagonja masabata asanu ndi awiri akadalipo, ndipo chifukwa chake n'chakuti sangalole mayi wina kumugwirira tepi. Ndinazimitsa ayironi, ndinatsitsa njinga ija pa msomali, n'kutuluka nayo ndili ndi epuloni yomwe. Ndinawauza kuti ngati mwini wake sapita, ndikaiyezetsa ndekha ndipo ndizikwera ine.

Sindinacheuke. Ndinadutsa pa butchala, pa saluni, pa malo okonzera mafoni, ndikukankha njinga ngati ndikuperekeza mbuzi yokana kuyenda, anthu akundifunsa ngati atelala adwala. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Amuna anga angapirire bondo lotupa, koma kuti msewu wonse uone mkazi wawo akuwakankhira njinga, zimenezo ayi. Ndisanafike pa mphambano ndinamva kutsimphina kumbuyo kwanga, kenaka dzanja lawo linalanda handulo.

Shopu ya mayi uja inali kachipinda kakatali kopapatiza, konunkha girisi ndi labala. Njinga zinali lendelende pa ngowe kudenga, masipanala atakolekedwa kukhoma mwa msinkhu wake, aliyense pamalo pake. Pakati panali chitsulo chogwira tayala lakumbuyo kuti munthu azipalasa osasuntha, pambali kalilole wamkulu, ndi foni itakhala pa kamtengo ka miyendo itatu. Mwini wake anali wamfupi, wa imvi zometa bwino, ndipo akatumba a miyendo yake ankaonetseratu kuti anapikisanako pa njinga masiku ake. Anthu a kumeneko amangomutchula kuti Mayi Sipoko.

Sanayambe ndi njinga. Anatikhazika pa benchi n'kuyamba kufunsa: ntchito yanji, amakhala pansi maola angati, pakupweteka pati, dzanzi lili zala ziti. Amuna anga ankayankha ndi mawu amodziamodzi ngati ali kupolisi. Pomaliza anamuuza kuti asataye nthawi, iwo ndi telala, nambala ya mwendo abwera nayo kale ndipo ndi 29. Mayiyo anafunsa kuti anayeza kuchokera pati kufika pati. Apo ndiye anawaponda pachilonda. Anamuuza zaka zimene akhala akugwira tepi, anamuuza za masuti a maloya ndi madiresi a akwati, ine ndikungoyang'ana kudenga.

Mayi Sipoko sanatsutse. Anamangirira njinga pa chitsulo chija n'kuwapempha kuti akwere, apalase monga amachitira masiku onse. Anapalasa mphindi ziwiri, iye akujambula ndi foni cham'mbali. Atatsika anawapatsa foniyo, ndipo ndinaona kuti wajambula kuyambira m'khosi kutsika pansi, mutu osaoneka.

"Bambo, ine za nsalu sindidziwa," anatero. "Tandithandizeni. Buluku la munthu uyu lakhala bwanji?"

Telala simungamuonetse buluku n'kukhala chete. Anavala magalasi, n'kuyandikitsa foni kumaso, ndipo pakamwa panatseguka pokha. Anati nsalu yaunjikana m'chiuno kutsogoloku, makwinya onse akuthawira pamalo amodzi. Pabondo yakoka kwambiri moti msoko sungathe mwezi. Mwendo suwongoka n'kamodzi komwe, ndiye mpendero ukungokhala m'mwamba. Malaya kumsana akokedwa mpaka atuluka m'lamba, kusonyeza kuti munthuyo akudzitambasula kupitirira msinkhu wake. Ankaloza ndi chala, mawu atakwera, ngati akudzudzula ntchito ya telala wina.

Mayiyo anafunsa ngati ndiye kuti bulukulo linasokedwa molakwika.

"Buluku lilibe mlandu, ndinasoka ndekha," anayankha msanga. "Cholakwika ndi chimene wakhalirapocho. Chamufupikira munthuyu."

Atatero anayang'ananso foni ija. Vidiyo inkangobwereza yokha m'manja mwawo, mawondo akukwera n'kutsika. Ine ndinatsokomola, chifukwa ndikanapanda kutero ndikanaphulika ndi phwete.

Mayi Sipoko anafotokoza mofatsa, mopanda kunyoza. Anati nambala yawo ndi yoona, koma ndi ya buluku. Buluku limayambira m'munsi pang'ono kuti munthu apume, ndipo limathera pa akakolo kuti lisakwekwereze m'fumbi. Njinga ilibe nazo ntchito zimenezo, imafuna mwendo wonse, kuchokera pafupa lokhalira mpaka pansi pa chidendene. Anawavulitsa nsapato, n'kuwaimiritsa chotsamira khoma, n'kuwapanitsa buku lolimba pakati pa miyendo, kuti alikweze mpaka ligunde fupa. Kenaka anawapempha tepi yawo yomwe ya m'khosi, n'kundipatsa ine kuti ndiyeze kuchokera pamwamba pa buku kufika pa simenti.

Ndinagwada, ndinayeza. Inali 32. Ndinaitchula mokweza, ndipo poopa kuti mwina sanamve bwino, ndinaitchulanso kachiwiri.

Mainchesi atatu. Kasitomala atabwera ndi buluku lolakwika ndi theka la inchesi, amuna anga amafunsa dzina la telala wake kuti akamuseke bwino. Anaima pamenepo opanda nsapato, buku lili pakati pa miyendo, ndipo ndinawamvera chisoni pang'ono, koma pang'ono pokha.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo, ndipo inatenga maola awiri. Mayiyo ankakweza chishalo pang'ono, iwo n'kupalasa, iye n'kuyang'ana, n'kukwezanso. Anati sangakweze zonse tsiku limodzi chifukwa bondo lazolowera zolakwika, liyenera kunyengereredwa. Anasunthira chishalo kumbuyo, akuyeza ndi kachingwe komangirira nati kunsonga, kolendewera kuchokera pabondo kutsika pa pedulo. Anachotsa kachitsulo kogwira mahandulo n'kuikapo kakafupi, n'kukweza mahandulowo, ndipo anati thupi lonse linkatsamira pa zikhatho, n'chifukwa chake zala zikuchita dzanzi. Anawonjezera kuti dzanzilo akawauzebe adokotala, iye si wachipatala, koma zala ziwiri zomwezo wazimva kwa anthu ambiri opanda shuga.

Amuna anga anafunsa kuti abwereze zimene wanenazo. Anabwereza. Ndinaona mapewa awo akutsika, ndipo nanenso ndinapuma bwino koyamba m'masabata angapo.

Panatsala mapazi. Mayiyo anagwada n'kuyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anaseka yekha. Anati chiyambire ntchitoyi sanaonepo munthu woponda pedulo ndi pakati pa phazi n'kumaligwedeza, chala pansi, chidendene pansi, chala pansi, chidendene pansi. Ine ndinazindikira nthawi yomweyo. Bambowa sankapalasa njinga, ankasoka. Anawasunthira phazi kumbuyo kuti aziponda ndi pamene payambira zala, ndipo anawauza kuti aiwale makina, azingozunguza.

Anazunguza. Sindidziwa kuti ndinene bwanji, koma munthu amene ndinamuona pa kalilole uja anali wina. Mwendo unkatsika n'kuwongoka, kutsala pang'ono chabe, msana unakhala bwino, tayala lakumbuyo linayamba kulira mosalala. Anapalasa osauzidwa, anasintha giya, anapalasabe, thukuta lili kamukamu, mpaka mayiyo anachita kuwaletsa. Atatsika anapisa m'thumba, n'kutulutsa kachoko kawo kodulira nsalu, n'kulemba kamzere pa chitsulo cha chishalo pamene chafika.

Mayi Sipoko anati abwerenso pakatha masabata awiri kuti adzamalize kukweza. Amuna anga anagwedeza mutu movomereza n'kunena kuti ndi momwemo, suti yabwino sithera pa kuyeza kumodzi, munthu amayenera kubwera kudzayesa. Ananena zimenezi akuyang'ana ine, ngati kuti ndine ndinkakana kubwera kuno.

Bondo linaphwa m'masiku ochepa. Dzanzi linachedwako, koma m'mawa wina, sabata yachiwiri isanathe, ndinamva makina akulira osandiitana, ndipo nditayang'ana ndinapeza ulusi uli kale pa singano. Ndinangowathirira tiyi, ndipo tsiku limenelo sanadandaule za kukoma kwake.

Kuyambira pamenepo vuto linasintha. Munthu amene ankabwerera pa mphambano anayamba kufika ku mlatho, kenaka kuseri kwa mafakitale, kenaka kumalo amene ine ndimangowamva pa wailesi. Lamba anaboola bowo latsopano. Kasitomala aliyense wobwera pa njinga ankayamba walandira ulaliki wa chishalo asanayezedwe malaya, ndipo ena anaperekezedwa mpaka kuseri kwa sitolo ya penti. Abutchala anayesa kupitiriza dzina lija, koma silinkakhalanso, linangofa lokha. Ine ndinkawerenga masiku, chifukwa thukuta ndi thukuta, koma wonena zoona ndi magazi.

Tsiku la kuchipatala iwo anapita pa njinga, ine pa minibasi. Anawatenga magazi, n'kutikhazika pa benchi ya m'khonde pakati pa anthu otsokomola ndi ana olira. Tinadikira maola atatu. Amuna anga ankasisita bondo lopola kale lija, ine ndikupinda ndi kupindula kansalu kopukutira thukuta mpaka kanafewa. Sitinayang'anane. Ndikanawayang'ana akanaona mantha anga, ndipo awo anali okwanira kale.

Adokotala anawerenga pepala, n'kutsegula faelo, n'kuyang'ana pepala lakale, n'kubwereranso pa latsopano. Anawagwira zala, anawavulitsa nsapato n'kuwabaya mapazi ndi kawaya kofewa, akufunsa ngati akumva. Ankamva paliponse. Kenaka anavula magalasi.

"Za jakisoni tiiwale kaye, bambo. Mapiritsi musasiye, ndipo chimene mukuchitacho pitirizani. Mwachita chiyani kodi?"

"Ndinangokweza chishalo, adokotala," anayankha amuna anga, nkhope ili gwa.

Ndinkafuna kulongosola bwino za amene anakweza, ndi amene anakankha njinga msewu wonse atavala epuloni. M'malo mwake ndinangowaponda phazi pansi pa tebulo, ndipo anati mayo, zimene zinandisangalatsa kwambiri.

Panja anamasula njinga pa mpanda, n'kupinda mwendo wa buluku, n'kundiuza kuti ndikwere minibasi, tikapezana kushopu. Ndinawauza kuti asathamange, dzuwa lakwera. Anangoti amva.

Minibasi inadzaza msanga, ndipo ndinapeza malo a pawindo, nditapanikizika ndi mayi wina wonyamula beseni la nsapato zogulitsa. Tinayenda bwino mpaka pa chitunda chachitali chotulukira kuchipatalako, pamene tinapeza lole ya njerwa ikukwawa, magalimoto atandandana kumbuyo kwake. Dalaivala ankangotukwana chapansipansi. Ndili chiyang'anire panja, ndinaona chobiriwira chikubwera m'mphepete mwa msewu.

Anali iwo. Anatidutsa pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa, atakhala tsonga, imvi zikuwala ndi thukuta, miyendo yonse iwiri ikuzungulira mosavuta pa chitunda chimene achinyamata ena ankakankha njinga zawo. Sanandione. Ankayang'ana kutsogolo, ndipo ankamwetulira okha. Ndinamenya windo ndi chikhatho mpaka anthu onse anacheuka, ndipo mayi wa beseni uja anandifunsa ngati mkuluyo ndikumudziwa.

"Ndi amuna anga amenewo!" ndinatero, misozi ili chuchuchu, osachita n'komwe manyazi.

Minibasi yonse inasuzumira kumanzere. Bambo wina kumbuyo anaimba mluzu, wina anafunsa zaka zawo, nditatchula anakana, n'kunena kuti ndikunama. Iwo anali atadutsa kale lole ija, akucheperachepera chakumtunda. Kondakitala anandifunsa ngati ndikufuna kutsika kuti ndiwathamangire. Ndinapukuta m'maso n'kumuuza kuti asavutike, ngakhale minibasi yakeyo siwapeza.